Lamba Wosaola ndi Luzi la Azakhali a Filomena

Azakhali anga a Filomena anamwalira Lachiwiri m'mawa, m'mwezi wa Febuluwale, chimanga chawo chitangomasula ngayaye. Uthenga unandipeza ku Cuamba, kumene ndimaphunzitsa, ndipo anandiimbira foni ndi msuweni wanga Tomasi, mwana wawo yekhayo amene anatsala. Ndinamvetsera, ndinathokoza, ndinafunsa tsiku la maliro. Kenako ndinafunsa funso limene linandidabwitsa ndekha: nanga galu ali kuti? Tomasi anati galu ndi galu, ali kunyumba. Misozi sinabwere tsiku limenelo, ndipo papita miyezi itatu isanabwerebe. Chimene ndatha kuchita ndi kulemba molondola zimene ndikudziwa za iwo, ndipo ndaona kuti zambiri mwa izo zikukhudza khosi la galu.

Nkhondo itatha, mabanja athu atabwerako ku Malawi kumene anathawira, aliyense anamanga pafupi ndi msewu wa ku Ngauma, kumene kuli tchalitchi, sukulu ndi mjigo. Azakhali okha anawoloka mtsinje n'kukamanga pabwinja lakale, pansi pa mtengo wa mango umene anausiya pothawa. Amuna awo ndi ana awo awiri anatsala m'manda a tsidya la malire. Kubwinjako anakhalako zaka zoposa makumi atatu, akulima chimanga ndi fodya, ndipo nthawi zonse anali ndi galu mmodzi. Akafa wina ankatenga wina. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo sankalola kuti munthu alitsutse: galu wawo asadzafere pachingwe.

Anthu a kumsewu ankanena kuti a Filomena amakonda agalu kuposa anthu. Sizinali zoona. Sindinawaonepo akusisita galu. Sankamulola kuponda pakhonde, ankamuphikira phala la madeya, ndipo akaba dzira ankamukwapula ndi kamtengo popanda kukweza mawu. Galu kwa iwo anali wantchito. Ankalondera chigafa cha fodya, ankapirikitsa apusi kudimba, ankawuwa nguluwe zikayandikira chinangwa. Anthunso sankawasisita. Moni wawo unali waufupi, pamaliro sankachedwapo, ndipo ine ankanditchula kuti a Dotolo kuyambira tsiku limene ndinabwera ndi pepala la kuyunivesite. Mmene ankalitchulira dzinalo, munthu sakanadziwa ngati akulemekeza kapena akuseka.

Galu wawo womaliza anali Komboyo, dzina la sitima ya pamtunda, chifukwa ankathamanga molunjika uku akupuma mwaphokoso. Dimba linali kumunsi, pamene mtsinje umakhota, ndipo Komboyo ankadumphira m'madzi kangapo pa tsiku, ngakhale popanda chifukwa. Galu wotere amavuta lamba. Kumusiya wopanda lamba sikukanatheka, pakuti kwathu mphekesera ya chiwewe ikangomveka, galu wa khosi lopanda kanthu amayesedwa wopanda mwini ndipo amagendedwa. Komanso pali masiku amene galu amayenera kumangidwa: anthu akayanika ufa, mbuzi zikaswa, alendo akabwera ndi ana. Choncho azakhali anayesa zonse. Chikopa cha mbuzi chikanyowa chimanunkha, chikauma chimalimba n'kutupula khosi. Chingwe cha khonje chimafufuma ndi madzi n'kuyamba kuthina. Mphira wa chubu cha njinga suola, koma umakumbula ubweya n'kusiya chipsera chimene ntchentche zimakonda. M'mawa uliwonse ankaitana galu, n'kulowetsa zala ziwiri pakati pa lamba ndi khosi, n'kuzungulira nazo. Ankati zala zikalowa zitatu galu avula, chikalowa chimodzi mwini wake ndi wankhanza. Ndiko kukhudza kokha kumene galu ankalandira kwa iwo.

Mkangano wawo wautali unali ndi a katekisita. Lamulungu lililonse galu ankawatsatira kutchalitchi, n'kugona pakhomo ali chinyowere. Tsiku lina, ine ndili pomwepo, a katekisita anaima pamwamba pa galuyo atanyamula buku lawo la nyimbo.

"Mayi Filomena, kodi mkhristu wanuyu anabatizidwa liti?"

"Amabatizidwa tsiku ndi tsiku mumtsinjemu, bambo. Inu munangolowa kamodzi."

"Mummangire kunyumba. Ana akuchita mantha."

"Ndikakomoka muno, mukammasula ndinu?"

A katekisita anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala. Azakhali sanaseke. Kuyambira pamenepo anasiya kukhala kutsogolo ndi amayi anzawo a m'bungwe, n'kumakhala pabenchi yomaliza pafupi ndi khomo, ndipo anakhala pamenepo mpaka miyendo itakana kuwoloka mtsinje.

Ndi Tomasi ankakangana pa nkhani ya luzi. Lamba aliyense wa galu wawo, kaya wa chikopa kaya wa mphira, ankamudula pamalo amodzi n'kumulumikiza ndi luzi la mombo. Luzilo ankalisintha mwezi ukaoneka, ndipo m'dzinja kawirikawiri. Linkagwira galu wokhuta amene akungofuna kusewera, koma galu akakoka ndi mphamvu zake zonse linkaduka. Kawiri Komboyo anadula luzi, nawoloka mtsinje, napha nkhuku za apongozi ake a Tomasi. Tomasi anabwera ndi waya m'manja, akunena kuti amayi ake akumuchititsa manyazi kuchikamwini. Azakhali anagwira thadzi lawo, nalimanga miyendo, nampatsa kuti akapereke. Wayayo anamuuza kuti akamangire khola lake. Kachiwiri anachitanso chimodzimodzi. Ankanena kuti nkhuku ili ndi inzake yolowa m'malo, ndipo sankapitiriza.

Ine ndinalowa m'nkhaniyi chaka chatha, m'mwezi wa Okutobala, mvula isanayambe. Ndinali nditaona zilonda pakhosi la Komboyo, ndipo ndinaganiza kuti vuto limeneli lili ndi yankho la m'sitolo. Ku Cuamba kuli loja ina yogulitsa mankhwala a ziweto, ndipo kumeneko ndinasankha mosamala ngati munthu wolemba mayeso. Wa nsalu ndinamukana chifukwa amasunga madzi. Wa chikopa ndinamukana pa zifukwa za azakhali zomwe. Ndinatenga wa nsalu yolimba yokutidwa ndi pulasitiki wosalala, wa mtundu wa lalanje kuti azioneka patali m'chimanga, wokhala ndi chomangira ndi mphete za chitsulo chosachita dzimbiri. Ndinapempha ndowa ya madzi, ndinamuviika, ndinamupukuta ndi mpango, ndipo anauma pomwepo. Mwini loja, poona kuti ndakhutira, anawonjezera mawu ake.

"Ameneyu, aphunzitsi, galu wanu adzafa, mudzatenga galu wina, nayenso adzafa, lamba adakalipo."

Mawu amenewa ndinawasunga njira yonse, pa shapa, kaminibasi ka kwathu, mpaka ku Mandimba ndi pa njinga yamoto mpaka kumtsinje, ndipo ndinakawanena kwa azakhali monga chitamando cha mphatso yanga.

Anali pakhonde, akusenda mtedza wa mbewu. Analandira lambayo ndi manja awiri, namutembenuza, namukoka, namununkhiza. Anamuika m'beseni la madzi n'kupitiriza kusenda. Lichero litadzaza anamuvuula, namupukuta pachitenje, nayang'ana.

"Ndi wabwino, a Dotolo," anatero. "Sanakunamizeni."

Kenako anatenga mpeni wawo wodulira fodya, natsamiritsa lambayo pachipika, namudula pakati.

"Zakhali, mwatani?"

"Ndikumukonza."

"Analibe chilema chilichonse."

"N'chimene ndikukonzacho. Tandipatsirani sipoko ili pamotoyo."

Ndi sipoko ya njinga yofiira ndi moto anaboola mabowo atatu mbali iyi ndi atatu mbali inayo, nasoka ndi luzi limene linali litanyikidwa kale. Ndinakwiya, ndipo ndinalankhula zambiri: za mtunda umene ndinayenda, za anthu amene anaphunzira kupanga zinthu zoterezi, za chizolowezi chokana chatsopano chilichonse. Anandisiya mpaka ndinamaliza. Ataveka Komboyo lambayo ndi kuyesa zala ziwiri, anandiuza kuti ndiwatsatire kuchigafa.

Pamsanamira ya pakati, pamwamba pa mikangala yoyanikapo fodya, panali msomali, ndipo pamsomalipo panali lamba wakuda wozungulira, wotseka. Ndinali nditamuonapo kambiri, ndikumuyesa chiwiya cha njinga. Anamutsitsa n'kundipatsa. Anali wolemera, wa mphira wosanjikizana ndi nsalu, wokhomedwa ndi timisomali ta mkuwa.

Zimene anandiuza ndizilemba mmene anazinenera, mwachidule, pakuti sanawonjezere kanthu. Amuna awo ankagwira ntchito pachigayo ku Mandimba, ndipo lamba wa chigayo atatha anadulako chidutswa n'kupangira galu wawo, dzina lake Fumbi, amenenso ankakonda madzi. Mudzi wonse unkasirira lamba ameneyo. M'mawa wina, nthawi ya nkhondo, kunabwera uthenga woti anthu a mfuti atentha mudzi wa kuseri kwa phiri. Akuluakulu anagwirizana zodutsa m'tchire kulowera kumalire, ndipo analamula kuti agalu asapite nawo, chifukwa galu mmodzi akawuwa waulula anthu onse. Ena anapha agalu awo ndi nkhwangwa. Azakhali anakana, nati kumeneko ndi kuipa mtima. Anthu anali atathawapo kale kawiri n'kubwerera patapita masiku awiri kapena atatu. Choncho iwo eni, ndi manja awo, anamangirira Fumbi kumtengo wa mango ndi tcheni, namuikira beseni la madzi ndi chinangwa chophika, namuuza kuti abwera mawa.

Anabwera patapita zaka zisanu ndi chimodzi.

"Nyumba inali itagwa," anatero. "Tcheni linali litalowa m'khungwa la mtengo. Beseni linali litabooka, chitsulo chenicheni. Mafupa panalibe. Kaya fisi, kaya chiswe, kaya mvula, sindidziwa. Panali uyu yekha, m'maudzu, ali chitsekere. Ndinamutsuka kumtsinje. Anayera ngati wadzulo."

Ndinafunsa ngati mwina galuyo anavula n'kuthawa. Ananditenga dzanja n'kuliika mkati mwa lambayo. Chibakera changa chinangokwana.

"Ndinkayesa zala ziwiri kale nthawi imeneyo," anatero. "Sindinkalakwitsa."

Anapachikanso lambayo pamsomali. Potuluka anati wanga wa lalanje uja ndi wabwino ndithu, ndipo khosi la Komboyo lipola, koma pa lamba aliyense payenera kukhala malo amodzi amene amamvera madzi ndi nthawi. Atatero anabwerera kumtedza wawo.

Ndaganizira kwambiri za tsiku limenelo. Za amuna awo ndi ana awiri aja azakhali sanandiuzepo kanthu, ngakhale kamodzi. Anthu ophunzira amafulumira kunena kuti munthu wotere amalira galu chifukwa maliro enawo ndi aakulu kuposa pakamwa pake. Mwina n'zoona, koma ine ndilibe umboni. Chimene ndikudziwa n'chakuti matenda a kumsasa wa othawa nkhondo, amene anatenga atatu aja, sanawaitane ndi iwo, nkhondo sanaiyambitse ndi iwo, koma tcheni lija anamanga ndi iwo, ndipo anamanga chifukwa cha chifundo. Amene anapha agalu awo ndi nkhwangwa anagona tulo. Azakhali anasankha kukhala moyo wawo wonse pansi pa mtengo womwewo.

Anayamba kudwala itangopita Khirisimasi. Anakana kusamukira kumsewu, ndipo Tomasi ankawoloka m'mawa uliwonse kukawaphikira ndi kudyetsa galu. Atamwalira, achibale anagwirizana kuti maliro akachitikire kwa Tomasi, kufupi ndi tchalitchi ndi manda. Thupi analiwolotsa pamachira Lachiwiri lomwelo masana, madzi ali m'mawondo. Galu sangaloledwe kutsatira maliro, choncho Tomasi anamangirira Komboyo kumtengo wa mango, namusiyira phala, natseka nyumba.

Ine ndinafika Lachitatu madzulo, mvula ikugwa kumapiri. Lachinayi, pamene tinkaika maliro, mtsinje unkamveka kumanda. Unali utadzaza mpaka m'mabango, utanyamula mitengo yathunthu. Ndinaponya dothi m'manda, ndinaimba nawo nyimbo, ndinagwirana chanza ndi anthu ambiri. M'kati mwanga munalibe chilichonse, kupatula funso limodzi, ndipo pobwerera ndinakokera Tomasi kuseri kwa nkhokwe.

"Galu uja unati ali kunyumba. Ali womasuka?"

"Ndinammangirira. Ndimati ndibwerera mawa lake."

Anazimva yekha zimene ananena, ndipo anayang'ana kumbali. Nkhani ya Fumbi ankaidziwa kuposa ine.

"Palibe kanthu," ndinatero. "Luzi liduka."

"Mulibe luzi, msuweni."

"Bwanji?"

"Mwezi watha anadula katatu. Ine uku odwala, uku munda, uku apongozi akundinena. Amayi anali chigonere, samatuluka. Ndinachotsa luzi ndinaika waya. Ndinapota ndi pulayala."

Sindinamudzudzule. Sindinaone chifukwa, ndiponso ndinalibe mphamvu. Lamba wosaola anagula ndine, waya anaika ndi iye, ndipo awirife tinali titapanganso, mosafuna, chinthu chija chili pamsomali. Kubwinjako afisi amadutsako, ndipo galu wa pachingwe alibe kothawira. Lachisanu tinapita kumtsinje kawiri. Tomasi anaimba mluzu mpaka milomo inauma, koma madzi ankasokosera kotero kuti ngakhale galu akanayankha sitikanamva. Anthu a pasiwa ankatiyang'ana modabwa. Mayi wina ananena mokweza kuti matenda a Filomena alowa mwa ana.

Loweruka m'mawa madzi anatsika mpaka m'chifuwa. Tinamanga zovala pamutu, tinagwirana manja, tinawoloka. Pokwera mtunda Tomasi anaima.

"Tikakampeza atafa, usandiuze kanthu."

"Sindikuuza."

"Ngakhale chaka chamawa."

Tinafika pabwalo dzuwa litakwera. Chingwe chinali chimangirire kumtengo wa mango, ndipo pansi pozungulira mtengowo panali popondekapondeka, matope okhaokha, mpaka pamene chingwe chinkalekezera. Kumapeto kwa chingwe kunali lamba wa lalanje, ali m'matope, wotseguka. Tomasi anamutola. Chomangira chake chinali chitsekere, mphete inali bwino. Anali atalekana podula paja, ndipo m'mabowo munali timichira ta luzi tonyowa. Luzilo linali latsopano, koma losokedwa moipa: m'mabowo awiri okha mwa atatu, mfundo zake zazikulu ndi zokhota, zosafanana konse ndi kusoka kwa azakhali kumene ndinkakudziwa.

"Amayi anatuluka liti?" anafunsa Tomasi. Sankafunsa ine. "Ngakhale kapu samatha kuigwira."

Wayayo tinamupeza m'chigafa, atawongoledwa pang'ono, atapachikidwa pamsomali womwe uja pamodzi ndi lamba wa Fumbi. Kuchokera pamphasa yawo kukafika pamsanamira imeneyo ndinawerenga mapazi makumi anayi ndi awiri. Mmene anayendera mtunda umenewo, tsiku liti, ndiponso mmene anapotolera waya popanda pulayala, palibe amene anaona.

Tili chiimire m'chigafamo tinamva kuwuwa kumunsi, kudimba, ndi phokoso la apusi akuthawira m'mitengo. Tomasi anakhala pansi pa mulu wa mapesi, nabisa nkhope m'manja. Ine ndinatuluka panja. Komboyo sanabwere kudzatilonjera. Anali pantchito, akulondera chimanga chimene mpaka tsiku limenelo tinali tisanakambirane kuti adzakolola ndani.

Tsopano Komboyo amakhala kwa Tomasi, ndipo m'mawa uliwonse amawoloka yekha kupita kudimba. Lamba ndi yemwe uja. Tomasi amafundula yekha luzi la mombo, ndipo kusoka kwake kukuyamba kuwongoka.

Kubwinja ndinapitakonso sabata yatha. Nyumba ndi yotseka ndi kamtengo kopingasa, ndipo udzu wa padenga wayamba kutsetsereka mbali ya kum'mawa. Pakhonde pali chipika chija, chokhala ndi mizere ya mpeni, ndi beseni lovundikira. Sipoko ya njinga ili chitsomekere m'khoma pafupi ndi mafuwa. M'chigafa mulibe fodya chaka chino. Muli msanamira, msomali, lamba wakuda ndi waya. Pabwalo pamera chisoso mpaka m'mawondo, kupatula kanjira kamodzi kopapatiza kochokera kumtsinje, kodutsa pakhomo, kotsikira kudimba, kamene mapazi a munthu sapondamo. Pamtengo wa mango, m'munsi, khungwa linatupa mozungulira pamene linameza tcheni, ndipo mphete imodzi ya dzimbiri imaonekabe. Pamwamba pake pali chingwe cha Tomasi, chimene palibe amene wachimasula. Nsonga yake ili pansi, yopanda kanthu.